Timibulu ta njenjete si ta m'dimba

Timibulu toyera tija timene timaika m'sutikesi kuti njenjete zisaboole zovala, ena amangoti mothballs, ine ndinatimwazapo m'dimba langa. Makoswe anali atandifika pakhosi. Ndinaika khumi ndi tiwiri m'mbali mwa mabedi a tomato, fungo lake n'kumachita kulasa m'mphuno. Patatha masiku atatu ndinapeza tomato wolumidwa pafupi penipeni ndi kambulu kena. Tsiku lachinayi galu wanga anali atakaluma kamodzi, ndipo ndinachita kumukanula kukamwa, manja ali njenjenje.

Timibuluti amatipanga ndi naphthalene kapena paradichlorobenzene. Timatha pang'onopang'ono posanduka mpweya, ndipo mpweyawo umapha njenjete ukaunjikana m'bokosi lotseka bwino. Panja mphepo imangouuluza, khoswe n'kumadutsa osatekeseka. Njoka nazo sizithawa, musanamizidwe. Chotsala chimalowa m'dothi mvula ikagwa, n'kukafika m'madzi momwe chimavulaza nsomba. Naphthalene amaphwanya maselo ofiira a magazi, makamaka mwa anthu amene ali ndi vuto la magazi lobadwa nalo lotchedwa G6PD, ndipo mwana akakaona amayesa switi. Mayiko a European Union analetsa timibulu ta naphthalene mu 2008, ndipo ku America kutimwaza panja n'kuphwanya lamulo.

Ngati munamwaza kale, valani magolovesi mutole tonse, mupalenso dothi la pamwamba pomwe tinali. Tsekerani m'botolo. Musatitaye m'ngalande kapena pamoto. Mwana kapena chiweto chikameza, thamangirani kuchipatala kapena kwa dokotala wa ziweto, paketi yake ili m'manja, ndipo musamusanzitse.

Chimene chinandithandiza ine ndi waya. Osati waya wa khola la nkhuku, mabowo ake mbewa imangolowa ngati pakhomo pake. Pezani wa timabowo ta mamilimita 6. Kumbani ngalande yakuya masentimita 30 kuzungulira bedi, imikani wayayo, ndipo m'munsi mwake mupindire kunja, kuti kanyama kokumba kakumane naye kasanafike pamizu. Pamwamba patsale masentimita 60 kapena kuposerapo ngati kumabwera akalulu. Ntchitoyi inanditengera Loweruka lonse, msana kuwawa, koma ndi ya kamodzi.

Khoswe amakwera waya, choncho muchotsereninso pobisala: tchire la m'mbali mwa mpanda, mulu wa nkhuni, zipatso zogwa. Misampha tcherani madzulo, motsamira khoma kapena mpanda chifukwa ndi mmene amayenda, ndipo muivundikire ndi bokosi lobooka mbali kuti mbalame ndi agalu zisakodwe. Masiku awiri oyamba ikani nyambo osatchera, azolowere kaye. Wa kwa ine anakodwa usiku wachitatu, pafupi ndi bedi lomwe lija la tomato.