Kupala chivindikiro cha purosesa kuti isamatenthe kwambiri

Musanagule sandipepa, tengani lezala latsopano. Chotsani purosesa m'kompyuta, pukutani thermal paste yense (phala lija lopakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsira chake) ndi sipiriti, kenaka imikani lezalalo chakuthwa kwake pamwamba pa chivindikiro chachitsulo chija, muyang'ane nacho kuwindo kumene kukulowera dzuwa. Kuwala kukamadutsa pansi pa lezala chapakati, ndiye kuti chivindikirocho n'cholowa mkati. Lezala likamagwedera uku ndi uku, pakati m'potumphuka. Yesani m'litali, m'lifupi, komanso kuchoka ngodya ina kufika ina. Mukapanda kuona kuwala paliponse, bwezerani purosesa yanu mmene inalili, ntchito imene ndikufotokoza panoyi siikuthandizani kanthu.

Chivindikirocho, chimene opanga amachitcha IHS, ndi mkuwa wokutidwa ndi nickel wopyapyala. Pansi pake m'pamene pali kachidutswa ka silicon komwe kamagwira ntchito yonse n'kumatentha. Kutenthako kumayenera kudutsa mu mkuwa, kenaka mu paste, n'kulowa m'choziziritsira. Mkuwa umadutsitsa kutentha pamlingo wa pafupifupi 400 W/mK (muyeso wa mmene chinthu chimadutsitsira kutentha). Paste wamba safika n'komwe pa 10, ndipo mpweya uli pa 0.026 yokha. Choncho paste ndi wabwino poyerekeza ndi mpweya, koma ndi wachabe poyerekeza ndi chitsulo. Chivindikiro chikakhala cholowa mkati, paste amadzadza dzenjelo n'kukhala wochindikala pakatikati, pamwamba penipeni pomwe kutentha kukuchokera. Popala timafuna kuti zitsulo ziwirizo ziyandikane, paste atsale wochepa kwambiri. Cholinga chake ndi kuti pamwambapo pakhale lathyathyathya. Zonyezimira n'zina, ndipo ambiri amasokoneza ziwirizi.

Purosesa imene ine ndinaphunzirirapo ntchitoyi ndi Core 2 Quad Q6600 ya Intel, yomwe inatuluka mu 2007. Kufakitale imathamanga pa 2.4 GHz, ndiye kuti 266 MHz kuchulukitsa ndi 9. Mukakweza 266 uja kufika pa 333 mumapeza 3.0 GHz, ndipo zambiri za mtundu wake wokonzedwanso wotchedwa G0 zinkakwanitsa kufika pa 400, kutanthauza 3.6 GHz, bola ziziziritsidwe bwino. Pansi pa chivindikiro chake pali tizidutswa tiwiri ta silicon, osati kamodzi, ndipo tinamatidwa kuchivindikiro ndi chitsulo chosungunula. Zivindikiro za nthawi imeneyo zambiri zinkabwera zolowa mkati. Apa ndiye pomwe kupala kumapindula: mkati mwake kutentha kukuyenda bwino, chomwe chikutsekereza ndi kupindika kwa pamwamba.

Si purosesa iliyonse ili choncho, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere. Kuyambira pa mapurosesa a mtundu wa Ivy Bridge mu 2012, monga i7-3770K, Intel inayamba kuika paste wamba pakati pa silicon ndi chivindikiro m'mapurosesa ake a anthu wamba, mpaka mu 2018 pamene i9-9900K inabwerera ku chitsulo chosungunula. Pa mapurosesa a zaka zimenezo kutentha kumakanirira pansi pa chivindikiro, ndiye mutha kupala pamwamba tsiku lonse koma phindu lake n'kukhala lochepa. Eni ake ankapindula kwambiri pochotseratu chivindikirocho n'kusintha paste wamkati, ntchito ina yoopsa kuposa iyi. Za pa soketi (malo olowetsamo purosesa pa bolodi la kompyuta) ya LGA1700, zomwe zinayamba mu 2021, zili ndi vuto lakelake: n'zotalika mbali imodzi, ndipo chotsekera cha soketi chimazikanikiza pakati mpaka kupindika. Mukaipala ili m'manja idzakhala yowongoka, koma mukangoitsekera mu soketi ipindikanso. Imeneyo yambani mwaigulira contact frame, kachimango kolowa m'malo mwa chotsekeracho, monga za Thermalright kapena Thermal Grizzly.

Dziwaninso kuti zolemba zonse za pamwamba zidzafufutika. Waranti yathera pomwepo, ndipo tsiku limene mudzafune kuigulitsa wogula adzayenera kungokhulupirira mawu anu mpaka ataiyatsa. Ijambuleni ndi foni musanayambe. Ngati n'koyamba, pezani purosesa yakufa kwa okonza makompyuta muyesezerepo dzanja.

Musanaichotse komaliza, yesani kutentha kwake. Yatsani Prime95, pulogalamu yogwiritsa purosesa ntchito yolemetsa, musankhe Small FFTs kwa theka la ola, muwerenge madigiri a core iliyonse (chigawo chilichonse chogwira ntchito m'purosesa) pa pulogalamu ya Core Temp kapena HWiNFO, mulembe papepala. Lembaninso kutentha kwa m'chipindamo. Izi n'zofunika kwambiri kwathu kuno, kumene masana a mu Okutobala ndi m'mawa wa mu Juni zimasiyana kutali. Mukayesa koyamba masana kukutentha, kachiwiri usiku kutazizira, mudzayamikira sandipepa pa ntchito imene yagwiridwa ndi nyengo. Chotsani madigiri a m'chipinda pa madigiri a purosesa, nambala yotsalayo ndiyo muzifananitsa.

Zofunika n'zochepa. Galasi lokhuthala, losachepera mamilimita 6, chifukwa lopyapyala limapindika mukalitsamira. Odula magalasi a mawindo amakhala ndi zidutswa zotsala. Liikeni pa tebulo lolimba losagwedera. Sandipepa akhale uja wakuda wogwiritsa ntchito ndi madzi, yemwe amagula owongola ndi kupenta galimoto, osati wofiirira wa akalipentala amene mchenga wake umayoyoka. Gulani wa 400, 600, 800 ndi 1000 (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosalala kwambiri). Onjezani tepi yapepala, maka yosafufutika, sipiriti wa isopropyl ndi kansalu kosasiya ulusi.

Tetezani kunsi kwa purosesa. Za Intel zilibe timapini, zili ndi timadontho tagolide ndi tizipangizo tating'ono pakati. Ngati muli ndi kachivindikiro kapulasitiki komwe inabwera nako, kavekeni, apo ayi matani tepi yapepala. Za AMD za pa soketi ya AM4 ndi zam'mbuyo mwake zili ndi timapini tofewa, zibayeni pa kasiponji kaja ka m'bokosi lake. Matani tepi m'mphepete monse momwe chivindikiro chakumana ndi bolodi lobiriwira. Guluu wakuda amene anamatira chivindikirocho nthawi zambiri amasiya kampata mbali imodzi, ndipo fumbi la mkuwa limadutsitsa magetsi. Silifunika kulowa mmenemo.

Matani sandipepa wa 400 pagalasi mbali zonse zinayi, akungike bwino popanda khwinya. Jambulani mtanda ndi maka pachivindikiro, kuchoka ngodya kufika ngodya, muonjezerenso mizere ingapo. Donthezani madzi pang'ono pa sandipepa, ongomunyowetsa, osati chithaphwi. Ena amapala pouma poopa madzi, ndipo sindiwatsutsa, koma pouma sandipepa amatsekeka msanga ndi fumbi, ndiye ine ndimasankha madontho ochepa.

Tsopano gwirani purosesa m'mbali ndi zala, chivindikiro chili pansi, muikankhe kupita kutsogolo ndi kubwerera mowongoka. Musakanikize. Kulemera kwa zala zanu kukukwanira. Apa m'pamene ntchito yonse imapindulira kapena kuonongekera, chifukwa dzanja la munthu silikanikiza mofanana: mukalimbikira, mbali yakutsogolo imadyeka kuposa yakumbuyo, ndipo ngodya zimazungulira. Mukatero ndiye mwachotsa kupindika kwa kufakitale n'kuikapo kwanu. Kankhani maulendo 30, mutembenuze purosesa kotala la bwalo, mukankhenso maulendo 30, mpaka mbali zonse zinayi zitatsogolako. Ena amayendetsa mojambula 8. Njirayo ndi yabwino kwa amene anaizolowera, koma kwa woyamba imachititsa purosesa kupendama pokhota.

Mukamaliza mbali zinayi, yang'anani. Pomwe inki yafufutika ndi pokwera, pomwe yatsala ndi polowa. Pa Q6600 mudzaona m'mphepete mukuyamba kufiira, mkuwa ukuonekera ngati mphete, pamene pakati pakadali nickel wotuwa ndi mtanda wanu uli bwinobwino. Chithunzi chimenecho ndicho umboni wakuti simunalakwitse kuyamba. Pitirizani ndi 400 yemweyo. Mphete yofiira izikula kulowera mkati, chilumba cha nickel chizichepa. Gawo limeneli ndi lalitali ndiponso lotopetsa, limatha kupitirira ola, chifukwa nickel ndi wolimba kuposa mkuwa. Sandipepa akaterera n'kusiya kuluma, sunthirani pamalo pena kapena muike watsopano. Musathamangire ku 600 chilumbacho chisanathe. Kuwongola konse kumachitika pa 400. Enawo amangofufuta mikwingwirima ya mnzawo wam'mbuyo.

Nickel akatha, jambulaninso mizere ndi maka, mukankhe maulendo ochepa chabe. Inki ikachoka paliponse nthawi imodzi, mwafika. Bwerezani muyeso wa lezala uja kuti mutsimikize.

Kuchokera apa n'kosavuta. Pukutani purosesa ndi galasi kuti mchenga wa 400 usatsalire, ikani 600, chitani chimodzimodzi kwa mphindi zochepa, kenaka 800, kenaka 1000. Ine ndimalekera pomwepo. Ndikudziwa kuti ambiri amapitirira mpaka 2000 kapena 2500 kuti adzionere nkhope pa mkuwawo, ndipo n'kokongoladi, koma timizere ta 1000 n'tating'ono moti paste amatidzadza popanda vuto, ndipo sindinaonepo madigiri akutsika chifukwa cha kunyezimira. Chimene ndimakaniza ndithu ndi polishi wa zitsulo. Amasiya mafuta m'timizere timene mukufuna kuti mulowe paste, komanso kupukuta ndi nsalu m'manja kumazunguliza m'mphepete momwe mwavutikira kuwongola.

Musapale mopitirira. Mukungochotsa kagawo kakang'ono ka milimita, koma chilichonse chomwe mwachotsa chimatsitsa msinkhu wa purosesa. Zoziziritsira zomangira ndi timapini tapulasitiki tokankha, monga zija zobwera m'bokosi la Intel, zimaima pa msinkhu umodzi, ndiye chivindikiro chikatsika kwambiri sizikanikizanso mokwanira. Zomangira ndi masikuluwu okhala ndi masipuling'i zimapirira bwino.

Matulani tepi pang'onopang'ono, purosesa itayang'ana pansi kuti fumbi ligwere pa tebulo. Pukutani ndi sipiriti mpaka kansalu kaleke kuda, muyang'anitsitse timadontho tagolide ndi m'mphepete monse. Isiyeni iume usiku wonse pamalo opanda chinyezi. Mkuwa wopanda nickel umada ukakhala pamphepo ndiponso ukagwidwa ndi zala, choncho musaukhudze, ndipo muupukutenso musanaike paste.

Yesaninso lezala pansi pa choziziritsira. Ambiri amaiwala kuti zitsulo zokumana ndi ziwiri. Makampani ena amapanga pansipo potumphuka pang'ono mwadala, kuti pagwirizane ndi zivindikiro zolowa mkati. Thermalright Ultra-120 Extreme inkadziwika ndi zimenezi. Choziziritsira chotero chikakhala pa purosesa yowongoka chimagunda pakati pokha, chimatha ngakhale kuzungulira mukachigwedeza. Ngati chanu chili choncho, chipaleni pagalasi lomwelo, mochigwira chapansi penipeni kuti chisapendame chifukwa n'chachitali. Koma chija chomwe mapaipi ake amkuwa amaonekera pansi n'kumagunda purosesa mwachindunji musachipale: khoma la paipi ndi lopyapyala, likabooka chatha ntchito.

Pobwezeretsa, ikani paste yemwe munagwiritsa ntchito poyesa koyamba, koma wocheperapo, kadontho kamodzi pakati, chifukwa dzenje lomwe linkamumwa lija kulibenso. Mangani masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono. Ngati mukuganiza za liquid metal, chitsulo chamadzimadzi chopaka m'malo mwa paste, dziwani kuti gallium amene ali mmenemo amalowerera mu mkuwa wosakutidwa n'kuuma pakapita miyezi, ndipo amadya aluminiyamu, choncho asayandikire choziziritsira cha aluminiyamu.

Yatsani pa liwiro ndi voteji zomwe munayesera poyamba, Prime95 yemweyo, theka la ola lomwelo. Pa chivindikiro chomwe chinali chopindikadi, yembekezerani kutsika kwa madigiri ochepa, awiri kapena asanu, nthawi zina kuposerapo. Yang'ananinso kusiyana kwa pakati pa ma core: pa Q6600, awiri akamatentha kwambiri kuposa anzawo kusiyanako kumatha kuchepa, chizindikiro chakuti tizidutswa tonse tiwiri tikugundana bwino ndi choziziritsira. Madigiri akakwera m'malo motsika, musathamangire kupalanso. Chotsani choziziritsira muone mmene paste wafalikira: akakhala wopyapyala ndi wofanana paliponse, vuto lili kwina, akachindikala mbali imodzi, masikuluwu sanamangidwe mofanana. Zonse zikakhala bwino, lowani mu BIOS, mosinthira kagwiridwe ntchito ka kompyuta ikangoyaka, mukweze liwiro ndi 5 kapena 10 MHz pa ulendo uliwonse, muyese, ndipo voteji muikhudze pokhapokha Prime95 ikayamba kuonetsa zolakwika.