Zoyenera Kuchita Mtima wa Munthu Ukaima Ndege Ili M'mwamba

Mtima ukasiya kugunda, ubongo umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi zochepa, ndipo mphindi iliyonse yodutsa popanda thandizo imachepetsa mwayi wopulumuka ndi pafupifupi 7 mpaka 10 peresenti. Ndege yomwe ili pamtunda wa mamita oposa 10,000 imafuna mphindi 20 kapena kuposerapo kuti itsike ndi kutera, choncho amene angapulumutse wodwalayo ndi anthu omwe ali naye m'ndegemo, osati madokotala odikira pabwalo la ndege.

Chovuta kwambiri ndi kuzindikira msanga, chifukwa paulendo wautali, makamaka usiku nyali zitazimitsidwa, munthu amene mtima wake waima amaoneka ngati wagona. Mukaona mnzanu wa mpando woyandikana nanu wazyolika mutu, nkhope yatuwa, kapena akupuma modukizadukiza ngati akuliza mkonono wachilendo, mugwedezeni paphewa ndipo muyankhule naye mokweza. Kupuma kotereku kumanyenga ambiri, koma si kupuma kwenikweni. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma bwino, musataye nthawi yoposa masekondi 10 mukufufuza. Fuulani kuitana ogwira ntchito m'ndege, osangodalira batani loitanira lomwe lili pamwamba pa mpando, poti iwo angaganize kuti mukufuna madzi akumwa.

Wodwalayo ayenera kuchotsedwa pampando, chifukwa kukanikiza pachifuwa sikugwira ntchito munthu ali chikhalire. Anthu awiri kapena atatu amunyamule, wina m'khwapa wina m'miyendo, namugoneka chagada pansi. Kanjira ka pakati pa mipando n'kopanikiza, motero malo abwino ndi pakhitchini ya ndege kapena pafupi ndi zitseko, koma ngati malowo ali patali, yambirani pomwepo m'kanjiramo, mutagwada chakumutu kwake.

Ikani tsinde la chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba pake, zigongono zili zowongoka, ndipo kanikizani mwamphamvu kuti chifuwa chitsike masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi, n'kumachilola kubwerera m'malo mwake musanakanikizenso. Amene anaphunzira CPR, yomwe ndi njira imeneyi yotsitsimutsira mtima ndi mapapo, amapereka mpweya kawiri akakanikiza ka 30, pomwe wosaphunzira angokanikiza mosalekeza. Nthiti ikhoza kuthyoka, koma chimenecho si chifukwa chosiyira. Ntchitoyi imatopetsa msanga, kotero muzisinthana pa mphindi ziwiri zilizonse mosachedwetsa.

Pa nthawiyi wogwira ntchito wina amakhala atathamangira makina a AED, omwe amayeza kagundidwe ka mtima ndi kuuwomba ndi magetsi ngati kuli kofunika. Makampani a Virgin Atlantic ndi Qantas anayamba kunyamula makina otere kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ku United States lamulo la FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, lakhala likuwakakamiza m'ndege zazikulu zonyamula anthu kuyambira mu 2004, ngakhale kuti si mayiko onse omwe ali ndi lamulo lotere. Vulani wodwalayo malaya, pukutani thukuta, matani chomata chimodzi m'munsi mwa fupa la m'khosi chakumanja ndipo china cham'mbali kumanzere pansi pa khwapa. Makinawo amayankhula okha, ndipo akanena kuti aliyense achoke, onetsetsani kuti palibe akukhudza wodwalayo, komanso kuti botolo la okosijeni lasunthidwa pambali. Akangowomba, pitirizani kukanikiza nthawi yomweyo.

Dokotala kapena namwino amene ali paulendo adzidziwitse msanga, chifukwa m'bokosi la mankhwala la ndege mumakhala adrenaline, mankhwala othandiza kudzutsa mtima, omwe ogwira ntchito wamba sabaya. Woyendetsa ndege amatha kulumikizana ndi madokotala a pansi, monga a MedLink ku Phoenix, ndipo ndiye yekha amene amagamula zokatera pabwalo lapafupi. Apaulendo ena onse akhale m'mipando yawo, asiye kanjira kali kotseguka, ndipo asajambule ndi mafoni. Malangizo a IATA, bungwe la makampani a ndege padziko lonse, amalola kusiya CPR pakatha mphindi 30 ngati palibe chizindikiro cha moyo ndipo AED sikulamulanso kuwomba. Koma wodwala akayambanso kupuma, mugonekeni cham'mbali, mpatseni okosijeni, ndipo zomata za AED zikhalebe pachifuwa mpaka ndege itatera, chifukwa mtima ukhoza kuimanso.