Muziwerenga Kupuma kwa Mwana Amene Akutsokomola

Munthu wamkulu akakhala phee, amakoka mpweya wokwana pafupifupi theka la lita pa kupuma kumodzi, ngakhale kuti mapapo ake akhoza kusunga malita pafupifupi 6. Atatulutsa mpweya mwamphamvu chotani, lita imodzi ndi pang'ono imatsalirabe m'kati kuti mapapowo asaphwe. Koma chibayo chikadzaza madzi ndi mafinya m'timatumba ta m'mapapo, malo olandirira mpweya amachepa, ndipo thupi limayamba kupuma mofulumira pofuna kukwaniritsa mpweya umene ukupereweza.

N'chifukwa chake ndikupempha makolo anzanga kuno ku Mzuzu, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene chisanu chimaluma kwambiri, kuti muziwerenga kupuma kwa mwana amene akutsokomola. Dikirani atonthole kaye, pakuti kulira kumasokoneza chiwerengero. Mukwezeni malaya, muyang'anitsitse kamimba kakukwera ndi kutsika kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposerapo, ndiponso wa chaka chimodzi koma wosafika zaka 5 akapuma ka 40, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukaona kuti m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, musadikire n'komwe kuti kuche.