Timadontho takuda pa zithunzi za ku Likoma

Nditabwerera kuno ku Harare kuchokera ku chilumba cha Likoma, ndinapeza kuti zithunzi za mitambo, za mapiri a ku Mozambique ndi za dzuwa likulowa cha ku Chizumulu zinali ndi timadontho takuda pamalo amodzimodzi. Timadonthoto tinkaoneka kwambiri pa zithunzi za f/16 (kabowo kolowera kuwala mu lenzi kali kakang'ono), pomwe pa f/4 (kabowoko kali kakakulu) sitinkaoneka n'komwe. Ndinapukuta lenzi mbali zonse, ndinayesanso lenzi ina, koma sizinaphule kanthu.

Chimene chinathandiza kwenikweni ndi kufufuza pamene fumbi loyambitsa timadonthoto lakhala. Ndinaika kamera pa f/22 ndi ISO 100 (ISO ndi mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala), ndinasokoneza dala fokasi, kenako ndinajambula thambo lopanda mitambo. Kadontho kalikonse kooneka bwino pa chithunzi chotere kali pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi. Kumbukirani kuti chithunzi chimafika pa sensa chili chozondoka, choncho kadontho ka kumtunda kwa chithunzi mukapeza kumunsi kwa sensayo.

Nditatchaja batire mpaka kudzaza, ndinachotsa lenzi, ndinayang'anitsa kamera pansi n'kupopera mpweya ndi kapampu ka mphira. Musauzire ndi pakamwa, chifukwa malovu ndi oipa kuposa fumbi. Timadontho tomatirira ndinatichotsa ndi kopukutira kapadera kolingana ndi kukula kwa sensa, nditadonthezapo mankhwala ake, n'kukadutsitsa mofatsa kuchokera mbali ina kufika mbali inayo. Zipangizozi ndinagula m'tauni pa mtengo wosakwana madola 25.

Zithunzi zomwe ndinali nditajambula kale ndinazikonza mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, pofufuta madontho pa chimodzi n'kukopera ntchitoyo pa zinzake.