Mmene ndinathandizira cardamom wanga kuti abereke

Cardamom (mbewu yonunkhiritsa tiyi ndi zakudya) amene ndinabzala kuseri kwa nyumba anakhala zaka 3 osabereka, ndipo masamba ake ankapsa m'mbali dzuwa la Okutobala likafika. Nditadziwa kuti kwawo kwa mbewuyi ndi m'nkhalango zachinyontho za m'mapiri a Western Ghats ku India, ndinagawa mizu yake n'kuiwokera pansi pa nthochi, pamthunzi. Ndinaphimbira nthaka ndi masamba ouma, koma ndinasamala kwambiri kuti ndisakwirire timaphesi ta maluwa, chifukwa timatulukira patsinde n'kuyanga pansi, ndipo njuchi zimayenera kutifikira.

Patapita zaka 2 ndinayamba kuthyola timakoko tobiriwira tisanang'ambike. Tiwiri tokha timanunkhiritsa tiyi wa banja lonse, ndipo njere zake timatafuna tikatha kudya, monga amachitira ku India pothandiza kugaya chakudya.