Kasungidwe ka ndodo za gofu m'nyengo ya chisanu ku Britain

Pofika Disembala kuno ku Scotland kumakhala kutada 4 koloko isanakwane. Mabwalo a gofu amadzaza matope, ena amatseka tsiku limene udzu wauma ndi chisanu, ndipo ambirife timangoponya chikwama cha ndodo m'galaja kapena m'kashedi kuseri kwa nyumba n'kukachikumbukira mu Malichi. Inu abale amene mwayamba masewerawa muli kunja kuno, makamaka amene munachita kusonkhanitsa ndodo imodziimodzi za kaunjika, tamverani.

Chimene chimaononga ndodo kwambiri ndi chinyezi. Chitsulo sichinjenjemera ngati ife, kuzizira pakokha chimapirira. Vuto limabwera chifukwa m'galaja usiku kumazizira mpaka madzi kuundana, masana n'kufundako pang'ono. Mpweya wofundawo ukakhudza chitsulo chozizira umasiya timadontho, monga mmene botolo lochokera mufiriji limachitira thukuta. Zikamachitika tsiku ndi tsiku kwa miyezi inayi, mipini yachitsulo imayamba mawanga a dzimbiri, ndipo ma wedge (ndodo zachitsulo zokwezera mpira m'mwamba pamtunda waufupi), makamaka aja osakutidwa ndi chitsulo chonyezimira, amafiira ngati khasu logona m'dimba.

Ine zinandichitikira chaka changa choyamba. Ndinamaliza kusewera kukugwa mvula yamawawa, ndinaika chikwama m'shedi, thaulo lonyowa likulendewera pambali, timatumba tovundikira mitu ya ndodo tili pomwepo. Potsegula mu Malichi fungo la nkhungu linandilonjera. Magolovesi anali atauma gwa ngati chikopa cha mbuzi choyanika, ndipo khoswe anali ataboola thumba la m'mbali kutsata mtedza umene ndinaiwalamo.

Ndiye musanasunge, tsukani. Thirani madzi ofunda m'ndowa ndi sopo pang'ono wotsukira mbale, muviike mitu yokha ya ndodo zachitsulo kwa mphindi zochepa. Madzi asakhale otentha, komanso asafike pa kamphete kakuda kamene kali polumikizana mutu ndi mpini, chifukwa pamenepo pali guluu wogwira mutu. Chotsani dothi m'timizere ta pamutu wa ndodo ndi mswachi wakale. Driver (ndodo yomenyera mpira patali) ndi ndodo zina za mitu ikuluikulu musaziviike, ingozipukutani ndi kansalu konyowa. Labala wa pogwirira naye mutsukeni, popeza thukuta ndi mafuta a m'manja ndi zimene zimamuchititsa kuterera ndi kuuma msanga.

Apa ndi pamene ambiri amafupikira mtima. Mlimi saika chimanga m'thumba chisanaume, nanunso musabwezere ndodo m'chikwama tsiku lomwelo. Zitulutseni zonse 14, muziimike pakhoma m'nyumba usiku wonse. Chikwama chikhuthuleni, mutsegule zipi aliyense, muchigwedeze chozondotsa kuti udzu ndi mchenga zituluke, chiume masiku awiri. Timatumba ta mitu mubwezeretse titauma. Pa mipini yachitsulo ndi pa ma wedge pakani mafuta opepuka pang'ono ndi kansalu, koma asakhudze labala. Ngati dzimbiri layamba kale, kwechani modekha ndi sitiliwulu wosalala.

Malo abwino ndi m'nyumba momwe mukukhala: kuseri kwa chitseko, m'kabati ya pansi pa masitepe, ngakhale pakona ya kuchipinda ngati mayi a kunyumba alola. Musayandikize ku hita kapena ku boiler. Kutentha ndi kumene kumafooketsa guluu uja ndi kung'ambitsa labala kuposa kuzizira. Buti ya galimoto ndiye iwalani, muli chinyezi komanso mbava zimadziwa zimene zimagona mmenemo. Ngati nyumba ndi yopanikiza moti mulibe kuchitira mwina koma galaja, chikwama chisakhale pasimenti. Ikani thabwa pansi, chitalikire khoma lakunja, muponyemo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo musachikulunge m'pulasitiki chifukwa amatsekera chinyezi mkati. Kamodzi pamwezi kachisuzumireni.

Amene muli ndi ngolo yonyamulira chikwama yoyendera batire, batire lokhalo lilowe m'nyumba. La lithium musamalitchaje litazizira kufika pansi pa 0°C, limaonongeka mkati, ndipo musalisiye litatheratu moto nyengo yonse. La mtundu wakale lolemera lija limafuna kukhala lodzaza, muzilitchaja pafupipafupi.

Ena simusiya kusewera ngakhale mu Januwale. Mipira igone m'nyumba, chifukwa mpira wozizira suuluka patali. Kuusunga m'thumba la buluku palibe mlandu, koma malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira masewera a gofu, amaletsa kumenya mpira umene mwautenthetsa dala. Mukabwerako, pukutani ndodo musanalowe m'galimoto, ndipo pofika kunyumba vulani timatumba ta mitu kuti thukuta lija liume.

Mu Febuluwale gwirani labala wa ndodo iliyonse. Ngati akunyezimira kapena waoneka ting'alu, kasinthitseni nthawi yomweyo, anthu asanachuluke kwa okonza ndodo nyengo ikamatseguka.