Momwe mungatetezere WhatsApp ndi EcoCash kwa akuba a pa intaneti

Kwa ife a ku Mbare, Highfield kapena Epworth kuno ku Zimbabwe, foni ndiyo imatilumikiza ndi kumudzi. Uthenga wa maliro, ndalama za feteleza zopita ku Mangochi kapena ku Dedza, zonse zimakambidwa pa WhatsApp. Wakuba akalanda akaunti yanu, amayamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina lanu, iwo n'kutumiza poganiza kuti mwaona mavuto.

Choyamba, udziweni msampha wake. Mumangolandira SMS ya manambala 6 yochokera ku WhatsApp musanaipemphe. Posakhalitsa wina akulemba kuti, "Achimwene, khodi yanga yalowa kwa inu molakwika, nditumizireni." Mwina dzina ndi chithunzi n'za mlamu wanu weniweni, koma akaunti yakeyo yabedwa kale. Musatumize ayi. Manambalawo ndi amene amasamutsira akaunti yanu pa foni ina. Muimbireni mwini wakeyo mumve mawu ake.

Chachiwiri, tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, kenako Account, n'kudina Two-step verification. Ikani PIN ya manambala 6, osati tsiku lanu lobadwa, ndipo wonjezerani imelo yoti idzakuthandizeni mukaiwala. Izi zokha zimatseka njira ya akuba ambiri. Chonde, achitireninso makolo ndi agogo, chifukwa iwo sakayikira munthu wolankhula mwaulemu.

Mukatero onani pa Linked devices. Ngati munatsegulapo WhatsApp pa kompyuta ya mutauni posindikiza CV, mwina ikadali yotsegula. Chilichonse chachilendo, dinani Log out.

Chachinayi ndi mapulogalamu oipa. Fayilo yothera ndi .apk imene yabwera pa gulu ngati kalata ya ukwati kapena fomu ya ntchito, musaitsegule. Ina imawerenga ma SMS anu mwakachetechete, makhodi a ku banki omwe. GB WhatsApp, yomwe si WhatsApp yovomerezeka, nayo ichotseni, ndipo mapulogalamu muzitenga ku Play Store basi. Flash yochokera kosindikiza muziyamba mwaiunika ndi Microsoft Defender, pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavairasi. Mukaona mafoda asanduka ma shortcut, musadine.

PIN ya EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, ndi yanu nokha, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa ku ofesi. Wina akati watumiza ndalama molakwika, imbani *151# muone balansi musanabweze kanthu, pakuti SMS yabodza n'njosavuta kulemba.

Akaunti ikabedwa, lembetsaninso nambala yanu pa WhatsApp. Khodi yatsopano ikalowa, wakubayo amatulutsidwa, ngakhale mungadikire masiku 7 ngati anaikapo PIN yake. Nthawi yomweyo imbirani abale kuno ndi ku Malawi kuti asatumize kalikonse. Sungani zithunzi za mauthengawo mupite nazo ku polisi, chifukwa lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limaletsa kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo.